Bwato limaulula mwini wake

Kwathu ku Chiradzulu kulibe nyanja, kulibe doko, ndipo ana ambiri a ku Thumbwe, ku Nkalo kapena ku Namitambo amamaliza sukulu asanakwerepo bwato. Komatu ndiwo zathu zambiri zimatsika m'bwato. Matemba oyalidwa pamsika wa Mbulumbuzi, mlamba wowamba wa pa Namadzi ndi usipa wa pa Njuli zimayamba zakwera bwato la munthu wina zisanakwere njinga kapena minibasi. Ngakhale mvula yogwa kumpoto kwa boma lino imatsata mtsinje wa Namadzi n'kukathera ku Chilwa. Anyamata athu nawonso, poona kuchepa kwa minda, amatsikira ku Kachulu ndi ku Swang'oma pa Chilwa, ena mpaka ku Mangochi kukasaka ganyu ya kunyanja. Choncho nkhani ya mabwato ndi yathu, ndipo tiyenera kudziwa kuwayang'ana.

Mtundu wa bwato munthu sasankha yekha. Amamusankhira ndi madzi a kwawo, thumba lake ndi ntchito imene akufuna kugwira. Koma kasamalidwe ka bwatolo n'kosankha mwini wake, ndipo pamenepo m'pamene mtima wake umaonekera.

Madzi ndiwo amayamba kulamula

Nyanja zathu ziwirizi, Chilwa ndi Malawi, n'zosiyana kwambiri. Chilwa ndi nyanja yosaya. Malo ambiri sapitirira mamita awiri kapena atatu, pansi pake ndi matope, ndipo m'mbali mwake mwadzaza njedza. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi, n'chifukwa chake madzi ake ndi amchere pang'ono. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 500, ndipo chakumpoto kuya kwake kumafika pafupifupi mamita 700. Mwera ukayamba, kuchokera mu May mpaka August, mafunde ake amatha kubisa boti lonse kwa munthu woima pagombe.

Ndiye pa Chilwa mudzaona woyendetsa ataimirira kumbuyo kwa bwato, akukankha pansi ndi mtengo wautali wansungwi, poti pansi ndi pafupi. Pa nyanja ya Malawi nsungwiyo ilibe poponda, pamafunika nkhafi, thanga kapena injini. Chilwa ilinso ndi khalidwe lina limene aliyense wogula boti amaliopa: imauma. Inaumiratu mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inasanduka dothi long'ambika, maboti ali gone pamtunda pa Kachulu. Munthu amene anakongola ndalama n'kugula injini, chaka chotero chimamusiya ndi ngongole yokha. Mukaona msodzi wa pa Chilwa akukakamira bwato laling'ono pamene ndalama ya lalikulu ali nayo, musafulumire kumuyesa wosatsogola. Kawirikawiri ndi munthu woti anaiona nyanja ikuthawa.

Bwato losema

Ili ndiye kholo la mabwato onse kuno. Mmisiri amagwetsa mtengo umodzi, n'kuusema ndi nkhwangwa ndi sompho mpaka m'kati mutatsala mphako. Pakamwa pake pamakhala popapatiza, moti wokwera amakhala pamwamba pa milomo yake, miyendo yokha ili m'kati. Kale ankasema mbawa ndi mitengo ina yolimba, ndipo bwato lotero linkatumikira zaka zambiri. Lero mitengo ikuluikulu yatha, anthu akusema mango ndi mitengo ina yofewa imene sichedwa kufumbwa ndi kung'aluka. Mukayang'ana mabwato a pagombe mudzaona zigamba za malata ndi mapulasitiki zokhomedwa ndi timisomali, phula atapaka pamwamba.

Mwini bwato losema nthawi zambiri amadzigwirira yekha ntchito. Amatchera machera madzulo n'kukaonjola mbandakucha, kapena amayendera miono yake m'njedza. Sagula petulo, salipira munthu, ndipo nsomba zikasowa wangotaya tsiku lokha. Pa Chilwa ena amagona konko masabata angapo m'zimbowera, timisasa tomangidwa pa udzu woyandama, ndipo bwato losema ndi limene limatha kulowa m'tinjira ta m'udzumo. Koma malire ake ndi odziwika: silinyamula katundu wambiri, siliyenda kutali, ndipo mphepo ikasintha mwadzidzidzi silichedwa kugubuduka.

Boti lamatabwa ndi injini

Boti lamatabwa limafuna chuma. Pamafunika matabwa, misomali yambiri, phula, penti ndi mmisiri wodziwa kupinda nthiti zake. Ku Mpwepwe m'boma la Mangochi, kumene kuli sukulu ya zausodzi, ndi amodzi mwa malo amene luso lokhoma maboti linakhazikika. Kale amisiri ankakonda mlombwa, mbawa ndi mkungudza wa ku Mulanje chifukwa siziola msanga m'madzi. Lero ambiri akukhoma ndi bulugamu ndi paini, ndipo boti lotero limafuna kukonzedwa pafupipafupi.

Mwini boti lamatabwa ndi wolemba anzake ntchito. Nthawi zambiri salowa n'komwe m'madzi, amadikira pagombe, ndipo amene amapita ndi antchito ake, alovi. Taonani usodzi wa chilimira umene umatipatsa usipa: pamakhala boti limodzi lamatabwa lonyamula ukonde ndi anthu, ndi mabwato osema operekeza. Mu limodzi mwa iwo mumakhala siginala, katswiri woyatsa nyali usiku kuti usipa usonkhane asanaponye ukonde. Apa boti lalikulu ndi bwato laling'ono zimadalirana, palibe chimene chingaphe usipa pachokha.

Akamangirira injini kumbuyo, kaya ndi Yamaha ya mahosipawa 15 kapena 40, nkhani imasinthanso. Boti limafika kutali kumene nsomba zikadalipo, limabwerera msanga nsomba zisanaonongeke, ndipo limatha kunyamula anthu ndi matumba pakati pa Kachulu ndi chilumba cha Chisi. Koma injini imamwa petulo tsiku lililonse, nsomba ziphedwe kapena zisaphedwe. Mwini injini amagona ndi masamu m'mutu, ndipo masamuwo ndi amene amamuyesa: kuonjezera anthu asanu pa boti lodzaza kale, kapena kutumiza alovi pamadzi mwera uli pakati.

Thanga: mphepo yaulere, luso lodula

Kuyenda ndi mphepo si kwachilendo pa nyanja ya Malawi. M'zaka za m'ma 1840, Salim bin Abdallah, amene ankadziwika kuti Jumbe, anakhazikika ku Nkhotakota n'kumakhomera komweko zombo za matanga zonga za ku gombe la Indian Ocean. Zombozo zinkaolotsa minyanga ndi akapolo kupita tsidya la kum'mawa, kumene ankayamba ulendo wapansi wopita ku Kilwa. Mu 1875 amishoni a Livingstonia anabweretsa sitima yoyendera nthunzi ya Ilala. Anthu mazanamazana anaisenza zidutswazidutswa kulambalala mathithi a Shire, n'kukailumikiza kumtunda. Pa nyanja imodzi panayenda zombo za mitundu iwiri, ndipo chilichonse chinkaonetsa poyera cholinga cha mwini wake.

Ukapolo unatha koma thanga linatsala. Ku Likoma ndi ku Chizumulu mudzapezabe zombo zamatabwa za thanga la ngodya zitatu, lina losokedwa ndi masaka, zikutenga nkhuni, ufa ndi anthu pakati pa zilumbazo ndi gombe la Mozambique. Mwini chombo chotero sagula petulo, koma amalipira ndi kuleza mtima. Mphepo ikagona, iyenso amadikira. Amayenera kudziwa nthawi ya mwera wochokera kumwera, mpoto wochokera kumpoto ndi vuma wochokera kum'mawa. Ngati mphepo ikuchokera kumene akupita, sangalunjike, amayenda mokhotakhota, kudula mphepo uku ndi uku mpaka atafika.

Palinso maboti a matanga oyendera chisangalalo, amene timawaona ku Cape Maclear, ku Senga Bay ndi pa zithunzi za m'maiko ena. Alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Woyamba ndi wa thupi limodzi. Pansi pake pamalendewera chipsepse cholemera cha chitsulo kapena mtovu, chimene chimaletsa boti kutsetserekera cham'mbali ndiponso chimaliwongola mphepo ikalipendeketsa. Boti lotere limapendekeka poyenda, malo ake ogona ndi ochepa, koma limapirira mafunde aakulu. Chifukwa cha chipsepsecho limafuna madzi akuya, moti pa Chilwa lingatitimire m'matope lisanachoke n'komwe padoko. Wachiwiri ndi catamaran, mabwato awiri opyapyala olumikizidwa pamwamba. Iyi siipendekeka kwambiri, imathamanga, imafika pafupi ndi mchenga, ndipo ikakhala yaikulu imakhala ndi zipinda zotakasuka. Koma ndi yodula, ndipo ikagubuduka siidzuka yokha.

Wosankha la thupi limodzi kawirikawiri amaganiza za ulendo wautali ndi tsiku la namondwe. Wosankha catamaran yaikulu amaganiza za banja ndi alendo, kuti adye ndi kugona bwino. Wosankha catamaran yaing'ono ya anthu awiri akufuna liwiro. Oterewa ndi amene akhala akupikisana pa Lake Malawi Sailing Marathon, mpikisano umene unayamba mu 1984, wochokera ku Mangochi kulowera kumpoto mtunda wa makilomita pafupifupi 500, m'nyengo ya mwera imene asodzi amaiopa.

Koma pasakhale woganiza kuti boti lodula ndilo limapanga katswiri. Joshua Slocum, munthu woyamba kuzungulira dziko lonse ali yekha pa boti la matanga, kuyambira 1895 mpaka 1898, anayenda pa Spray, boti lakale la asodzi lotalika pafupifupi mamita 11 limene analipeza litatayidwa pamtunda. Analikhomanso yekha, thabwa ndi thabwa, n'chifukwa chake ankadziwa mphamvu ya msomali uliwonse.

Zimene malume ankayang'ana

Malume anga ankachita geni ya matemba. Ankapalasa njinga kuchoka kwathu usiku, n'kukagula ku Kachulu kapena kuolokera ku Chisi kumene mtengo unkakhala wotsika. Nditakula pang'ono ananditenga kuti ndikawathandize kunyamula. Padoko panali maboti awiri okweza anthu. Lina linali lopakidwa penti yatsopano yobiriwira, dzina lake lolembedwa bwino m'mbali, anthu akulimbirana malo. Linalo linali lotuwa, lopanda dzina. Malume sanayang'ane penti. Anawerama n'kusuzumira pansi pa lobiriwiralo. Munali madzi ofika m'kakolo, ndipo mnyamata ankakapa ndi chigubu chodula pakati boti likadali padoko. Anakanikiza chala pa thabwa lapansi, chikhadabo chinalowa. Kenaka anapita pa lotuwa lija. Pansi pake panali pouma, m'mizere ya matabwa munali phula latsopano, chingwe chinali chokulungidwa bwino, ndipo pambali panagona nsungwi yachiwiri yapadera.

"Mphwanga," anatero malume, "penti amapakira ife okwera, koma phula amapakira madzi. Tikwera ili."

Mwini wake, bambo wachikulire, atakweza anthu ndi matumba mpaka pamzere umene anaudziwa yekha, anakweza dzanja. Mayi wina anachonderera kuti alowe ndi dengu lake. Bamboyo anayankha mofatsa kuti, "Pepani mayi, dikirani ulendo winawo. Ndalama yanu ndikuifuna, koma sindikufuna kukauza abale anu uthenga woipa."

Mawu amenewo ndimawakumbukira nthawi iliyonse ndikamva za ngozi ya pamadzi. Mu April 2017, boti lodzaza ndi anthu ochokera ku mapemphero a Pasaka linagubuduka pafupi ndi Mlowe m'boma la Rumphi, anthu n'kumira. Mu April 2023, bwato lonyamula anthu opita kumaliro linagubuduka pa mtsinje wa Rusa ku Mchinji. Nkhani zotere zikafika, timakonda kunena kuti linali tsoka. Koma kupakira mopyola muyezo si tsoka, ndi chisankho cha munthu, ndipo okwera amene akukakamira kulowa nawonso amakhala asankha nawo.

Tisanakwere, tisanatumize mwana

Boma lili ndi nthambi ya Marine yoona za maulendo a pamadzi, ndipo pa madoko ambiri a asodzi pali makomiti a m'midzi oyang'anira usodzi. Komabe palibe wa boma amene angaime pa doko lililonse m'mawa uliwonse. Maso oyamba ndi a wokwera.

Kwa inu a geni ya nsomba ochokera kuno kumtunda, ndi inu makolo amene mwana wanu akukalowa ganyu ya ulovi, funsani ndi kuyang'ana. Kodi pansi pa boti ndi pouma? Kodi m'mbali mwake mwatsala mpata wotani pakati pa madzi ndi mlomo wa boti anthu atakwera? Kodi muli nkhafi kapena nsungwi yapadera injini itazima? Kodi muli majekete oyandamitsa, ndipo akukwanira anthu angati? Kodi mwini wake anayamba waletsapo ulendo chifukwa cha mphepo? Alovi ake akhala naye nthawi yaitali, kapena amathawa mwezi ndi mwezi? Safunsa anadya phula, ndipo pamadzi sipakhala mwayi wofunsa kachiwiri.

Bwato losema, boti la injini, chombo cha thanga ndi catamaran ya alendo zimatiuza za madzi amene munthu amayendamo ndi kulemera kwa thumba lake. Munthu weniweniyo mudzamudziwa poona mmene amasamalira bwato lake ndi chiwerengero cha anthu amene amalola kukwera. Mukapeza boti likukapidwa madzi likadali padoko, kapena mwini wake akuitanabe anthu pamene ladzaza kale, tsikani ndi katundu wanu mudikire lina.