Chala chimodzi sichisuntha kanthu

Pa 2 Epulo, tsiku limene dziko lonse lakhala likukumbukira za autism kuyambira mu 2008, nkhani zimachuluka za kusala ndi kusowa kwa aphunzitsi. Koma m'kalasi ina ya ana ofunika chithandizo chapadera mu mzinda wa Blantyre, mkangano uli pa tabuleti.

Aphunzitsi amaigoneka pamkeka pakati pa ana awiri. Pagalasi pali chithunzi cha minibasi chodukaduka, ndipo chidutswa sichiyenda pokhapokha onse awiri atachigwira limodzi. Mmodzi akakoka yekha, chimangonjenjemera pomwepo.

Mnyamata wina wa zaka ngati 8, amene masiku onse amakhala kukhoma akundandalika zitsekerero za mabotolo, anayamba ndi kukankha mnzakeyo. Anakoka tayala la minibasi, osatheka. Anakokanso, mwamphamvu. Kenaka anatseka makutu, nayamba kugwedezeka uku akung'ung'udza. Aphunzitsi sanalowerere, ngakhale manja ankaoneka kuti akuwayabwa. Patapita kanthawi mwanayo anagwira mkono wa mnzake, nauika pagalasi, osamuyang'ana kumaso n'komwe. Tayala linalowa m'malo mwake. Atatsala pang'ono kumaliza chithunzicho anali atasiya kugwira mkono uja. Ankangoimika chala m'mwamba, kudikira.

Nzeruyi si ya lero. Zaka za m'ma 2000, akatswiri a ku Italy ndi ku Israel anaiyesa pa tebulo lagalasi lozindikira amene walikhudza, ndipo ku California kunapangidwa masewera a ana anayi osinthana mpata. Makina sakalipa, satopa, ndipo lamulo lake silisintha, chinthu chimene ana ambiri a autism amamasuka nacho kuposa mawu a munthu. Kungoti kafukufuku wotere nthawi zambiri amachitika pa ana ochepa kwambiri.

Mayi a mnyamatayu sakukhutira. Akuti kugwira mkono wa mnzake si kusewera naye ayi, chifukwa ndi mmene amawakokera iwo akafuna kuti am'tsegulire chitseko. Mnzakeyo wangosanduka chipangizo. Kunyumba, anzake akamasewera chibisalirano kapena mpira wachikulunga, iye amakhalabe payekha, ndipo mayiwo akuopa kuti foni imene amailirira kale iwonjezera kudzipatulako.

Aphunzitsi akuvomera mbali ina. Koma akuti kudikira kuja n'kwatsopano, ndipo safuna kuti kunyozedwe. Mawa lake amadula katoni n'kubwereza masewera omwewo popanda galasi, mwana aliyense atagawiridwa zidutswa zake. Masiku ena zimatheka, ena katoniyo imathera pansi pa desiki.

Apa mayiwo ali ndi mfundo yolimba: zophunzira pagalasi sizitsata mwana zokha mpaka pabwalo. Pamafunika wamkulu wozinyamula. Komabe kunena kuti palibe chachitika n'kuuma mtima, kwa amene anaona chala chija.

Tabuletiyo ndi ya aphunzitsi eni ake, ndipo magetsi akazima usiku kwawo, tsikulo masewera kulibe. Ana a makalasi ena amaunjikana pawindo kupempha kuti alowe nawo, mpaka pano akuchita kulembetsa maina.