Khansa ya Kumtundu ndi Ukwati wa Ana Athu Aakazi

Pali mabanja ena amene khansa ya m'mawere siichoka pakhomo pawo. Agogo anamwalira nayo, amayi anadulidwa bere, azakhali nawonso anatisiya asanakwane zaka 50. Kumudzi zoterezi zikachitika sipachedwa kumveka manong'onong'o akuti wina analodza mbumbayo. Koma madokotala anapeza kale gwero lake, ndipo lero pali njira yoyezera magazi kapena malovu imene imamuuza mtsikana, ali ndi thanzi lake lonse, ngati anatengera vutoli kwa makolo. Nkhani yathu ili pa zimene zimatsatira mtsikanayo akamva zotsatira. Kodi adzamuuza liti womufunsira? Nanga za ana aganize zotani?

Chimene madokotala amayeza

M'thupi la munthu aliyense muli timalangizo ting'onoting'ono timene analandira kwa makolo ake, theka kwa bambo, theka kwa mayi. Ena polemba amatitcha majini potengera Chingerezi, koma tisasokoneze ndi majini amene timawerenga m'Qur'an. Izi ndi za m'thupi basi. M'chaka cha 1990 mayi wina wasayansi wa ku America, Mary-Claire King, anasonyeza kuti pali kalangizo kena kamene kakalakwika kamayendetsa khansa ya m'mawere m'banja. Kalangizoka kanapezeka mu 1994 ndipo kanatchedwa BRCA1. Kanzake, BRCA2, kanapezeka mu 1995. Ntchito ya tiwiriti ndi kukonza zowonongeka m'kati mwa thupi. Munthu akabadwa nato tolakwika, kukonzako kumalephereka ndipo khansa imapeza mpata.

Ku America, mwa amayi 100 alionse, pafupifupi 13 amadwala khansa ya m'mawere pa moyo wawo. Koma mwa amayi 100 obadwa ndi BRCA yolakwika, pafupifupi 70 amadwala asanafike zaka 80. Palinso khansa ya mabasiketi a mazira, imene imavuta kuizindikira msanga. Iyi imagwira amayi pafupifupi 44 mwa 100 a BRCA1, ndi 17 mwa 100 a BRCA2.

Wina asanene kuti awa ndi matenda a Azungu. Kafukufuku wa ku Ibadan m'dziko la Nigeria, amene anatuluka mu 2018, anayeza amayi oposa 1,100 odwala khansa ya m'mawere, ndipo pafupifupi 11 mwa 100 anapezeka ndi BRCA yolakwika. Komabe tidziwe kuti khansa zambiri si zakumtundu. Khansa ya khomo la chiberekero, imene yatha amayi ambiri m'Malawi muno, imayamba ndi kachilombo ka HPV ndipo siili m'gulu limeneli.

Nthawi imachepa

Dziko lonse linamva za kuyezaku mu 2013 pamene Angelina Jolie, katswiri wa mafilimu, analengeza kuti wachotsetsa mawere onse awiri atapezeka ndi BRCA1 yolakwika. Mayi ake anali atamwalira ndi khansa mu 2007 ali ndi zaka 56. Mu 2015 iye anachotsetsanso mabasiketi a mazira. Koma Jolie anachita izi ali kale ndi ana. Mtolo wolemera umagwera mtsikana amene sanakwatiwe.

Madokotala amalangiza kuti mkazi wa BRCA1 achotsetse mabasiketi a mazira ali ndi zaka za pakati pa 35 ndi 40, ndipo wa BRCA2 pakati pa 40 ndi 45. Akatero ndiye kuti kubereka kwatha ndipo kusamba kwaleka nthawi isanakwane. Tsono mtsikana amene wamva zotsatira ali ndi zaka 27 amayamba kuwerenga zaka ndi zala. Ena amathamangira ukwati ndi mwamuna amene sanamudziwe bwino. Ena amasiya maphunziro kuti abereke msanga, ndipo ena amathithikana ana chifukwa cha mantha.

Nkhani ya mawere nayonso ndi yovuta. Kuchotsa mawere onse kumachepetsa chiopsezo cha khansayi ndi magawo 90 pa 100 kapena kuposerapo, koma mayi wotere sangayamwitse. Ife tikudziwa ulemu umene chipembedzo chathu chimapereka pa kuyamwitsa kwa zaka ziwiri, ndipo madokotala anapezanso kuti kuyamwitsa kumachepetsako chiopsezo kwa amayi a BRCA1. N'chifukwa chake ambiri amasankha kubereka ndi kuyamwitsa kaye, uku akuunikidwa mawere chaka ndi chaka kuyambira zaka 25 kapena 30. Palibe amene amakakamizidwa opaleshoni.

Kumuuza womufunsira

Funso limene limawasowetsa tulo atsikana ambiri ndi lakuti amuuze liti mnyamata. Akanena msanga, akuopa kuti athawa. Akachedwa, adzamunena kuti anabisa. Ife tikuona kuti ukwati sungamangidwe pa chinyengo, ndipo nkhani yokhudza zaka zobereka ndi thanzi la ana ndi ya anthu awiri. Choncho ndi bwino mwamuna amve nikah isanamangidwe, pamene zaoneka kuti cholinga chake ndi banja ndithu. Amve kuchokera kwa mwini wake, ndipo ngati n'kotheka apite onse kwa dokotala kuti mnyamatayo afunse yekha mafunso ake.

Kwa mnyamata amene wauzidwa, mawu amenewa ndi amana. Ngakhale atasintha maganizo, alibe chilolezo chokaulutsa chinsinsi cha mwana wa eni ake padoko, pamsika kapena pabwalo la mzikiti. Ankhoswe nawonso agwire pakamwa. Ndipo aliyense amvetse kuti mtsikanayu sakudwala. Mwina sadzadwala n'komwe. Kusiyana kwake ndi atsikana ena n'kwakuti iye akudziwa chimene ali nacho, pamene ambiri a ife tikuyenda ndi zathu osazidziwa.

Kuyezetsa ukwati usanachitike si chachilendo pakati pa Asilamu. Dziko la Saudi Arabia linakhazikitsa mu 2004 lamulo lakuti ofuna kukwatirana ayambe ayezetsa matenda a kumtundu a m'magazi monga sickle cell. Zotsatira zikatuluka, awiriwo amalangizidwa, koma kusankha kumatsala m'manja mwawo.

Nanga ana?

Kholo lokhala ndi BRCA yolakwika likhoza kupatsira mwana kapena ayi, ndipo mwayi wake ndi theka kwa theka pa mwana aliyense. Ana anayi akhoza kutengera onse, kapenanso osatengera ndi mmodzi yemwe. Apa pali mfundo imene ife a m'mbali mwa nyanja tiyenera kuigwira. Pa chikhalidwe chathu timawerenga mtundu kuchikazi, ndipo zikavuta timaloza chala kwa mayi. Koma vutoli limadzeranso kwa bambo chimodzimodzi. Mwamuna akhoza kukhala nalo osadwala, n'kupatsira ana ake aakazi. Iye mwini ali pa chiopsezo cha khansa ya prostate, ndipo amuna ena amadwalanso khansa ya bere. Choncho mnyamata amene akufufuza za kwawo kwa mtsikana ayambe wafunsa za azakhali ake.

Mabanja ambiri amabereka monga mwa nthawi zonse, n'kudzawafotokozera ana akakula. Madokotala sakonda kuyeza ana aang'ono chifukwa khansazi zimabwera munthu atakula, ndipo mwana ali ndi ufulu wodzasankha yekha akakwana zaka 18. Mabanja ena a kumayiko olemera amatsata njira yokumanitsa dzira la mkazi ndi mbewu ya mwamuna kuchipatala, n'kusankha mluza wopanda vutoli. Mwana woyamba wa ku Britain wosankhidwa motere pothawa BRCA1 anabadwira ku London mu January 2009. Njirayi ndi yodula kwambiri ndipo siitheka nthawi zonse. Pa za kukumanitsa mbewu kuchipatala, Mufti wamkulu wa ku Egypt, Sheikh Jad al-Haq, anagamula mu 1980 kuti n'kololedwa pokhapokha dzira ndi mbewu zili za mkazi ndi mwamuna amene ali m'banja. Kutenga dzira kapena mbewu ya munthu wapadera sikuloledwa. Ena amakhutira ndi ana ochepa, n'kulera ana amasiye a pachibale, imene ili ntchito ya malipiro aakulu.

Zimene tingachite pakhomo

Kuyeza kwa BRCA kumachitika m'zipatala za ku South Africa, kumene ana athu ambiri ali pa ntchito. Koma chiyambi cha zonse ndi mbiri ya banja, ndipo imeneyi siilira ndalama. Mwini mbumba akhale pansi ndi akuluakulu, alembe amene anadwala khansa kuchikazi ndi kuchimuna komwe, mtundu wa khansayo ndi zaka zimene anayambira kudwala. Zizindikiro zofuna chidwi ndi izi: abale awiri kapena kuposerapo odwala khansa ya m'mawere, wodwala asanakwane zaka 50, wodwala mawere onse awiri, khansa ya mabasiketi a mazira, kapena mwamuna wodwala khansa ya bere. Pepala limeneli lipite kwa dokotala. Mayi aliyense akamva chotupa m'bere kapena m'khwapa, ngakhale chisakupweteka, athamangire kuchipatala osayamba wataya miyezi kwa asing'anga.

Inu makolo, musamukankhire mwana wanu ku ukwati chifukwa cha mantha, ndiponso musamubisire chimene chinatenga agogo ake. Inu anyamata, mkazi amene wakuuzani zoona zotere asanalowe m'nyumba mwanu wakuonetsani kukhulupirika kwake. Moyo ndi imfa zili m'manja mwa Allah (S.W.T), ndipo kufuna chithandizo ndi gawo la kuyedzamira kwa Iye. Timupemphe ateteze ana athu aakazi ndi kuwapatsa amuna achifundo. Ameen.