Casanova wa mu filimu ndi Casanova wa kwathu

Lolemba m'mawa, mu basi yocokela ku Mtendere kulowa mu tauni, kondakitala anaona mnyamata wina akupempha nambala ya foni kwa mtsikana amene anakhala naye mpando umodzi. "Iwe Casanova, yamba walipila, zacikondi pambuyo!" Basi yonse inafa nazo kuseka, ndipo mnyamatayo ananyadila ngati wapatsidwa mendulo. Nditamufunsa ngati adziwa mwini dzinalo, ati, "Si uja wa mu filimu?"

Nanenso ndinamudziwila mu filimu. Ndili pa sukulu ku Sinda, tinali kulipila tindalama tocepa kuti tilowe m'kanyumba ka vidiyo kuseli kwa msika. M'menemo ndinaonela filimu ya 2005, mmene Heath Ledger asewela ngati Casanova. Alumpha pa madenga a mzinda wa Venice, akuluakulu a chalichi amusakasaka, akazi amufela, ndipo pothela athawa ndi mkazi mmodzi amene wamukonda zoona. Anyamata tinatuluka tikuyenda monyang'wa.

Koma munthuyu analikodi. Giacomo Casanova anabadwila ku Venice mu 1725. Anamangidwa mu 1755, ndipo caka cotsatila anathawa m'ndende poboola denga. Ku Paris analemela ndi lotale ya boma, cuma n'kumuthela m'manja, ndipo m'mizinda ingapo anacita kumupitikitsa. Zaka 13 zothela anakhala wosunga mabuku a munthu wina wolemela ku Dux, m'dziko limene lelo ndi Czech Republic, akukangana ndi anchito a pakhomopo mpaka imfa yake mu 1798. Kumeneko ndiye analemba mbili ya moyo wake m'Cifalansa, imene opanga mafilimu amatapamo.

Vuto ndi lakuti amatapa zokoma zokha. M'buku lakelo, iye mwini aulula kuti anadwala matenda opatsilana pogonana kambilimbili, anasiya ana m'maiko osiyanasiyana, ndipo ena mwa amene anagona nao anali ana aang'ono. Ku Russia anacita kugula mtsikana kwa atate ake ndi ma ruble 100. Izi m'kanyumba ka ku Sinda sitinazione.

Si onse anamupaka mafuta. Federico Fellini, mu filimu ya 1976, anaonetsa Donald Sutherland ngati Casanova wopanda cimwemwe, amene pothela avina ndi cidole ca makina. Sewelo la BBC la 2005 linaika David Tennant ngati mnyamata, ndi Peter O'Toole ngati nkhalamba yosungulumwa ya ku Dux. Komabe ngakhale m'menemo, kamela itsata mwamuna. Akacoka, nayo icoka, osabwelela kukaona amene watsala.

Ine ndinamuona amene amatsala. Mwezi watha ndinapita ku malilo ku Katete, ndipo ndinakumana ndi msuweni wanga wa ku Vubwi, mwana ali kumsana. Anasiya sukulu ali giledi 8. Wamimba anali mmodzi wa ogula soya aja amene amafika ndi sikelo ndi cikwama nthawi yokolola, ndipo anzake pa sitolo anali kumuchula dzina lomweli. Soya itatha, nayenso anatha, foni osagwila. Ambuya anangoti, "Mdzukulu wanga, iwe wolemba nyuzi, kodi za awa simulemba?"

Malamulo alipo. Kucokela mu December 2023, ukwati wa mwana wosafika zaka 18 ndi wosaloledwa mu Zambia, ngakhale wa mwambo. Kucokela mu 1997, mtsikana akabeleka aloledwa kubwelela ku sukulu. Kalonga Gawa Undi, ku Mkaika, akhala akudzudzula maukwati a ana. Koma lamulo silingalowe mu basi kukatiletsa kuombela m'manja munthu amene tiyenela kumufunsa mafunso. Msuweni wanga afuna kubwelela ku sukulu mu January, ngati apeza womusungila mwana.

Sindikuti kufunsila ndi mlandu. Mnyamata wa mu basi uja mwina anali ndi colinga cabwino, ndipo mtsikanayo anali wamkulu, anadziyankhila yekha. Titafika pa Kulima Tower anatsika osamupatsa nambala. Mnyamatayo anandiyang'ana n'kufunsa, "Manje ba sisi, uja Casanova anathela kuti?" Ndinamuuza za ku Dux. Anakhala cete pang'ono, kenaka anakumbutsa kondakitala za chenji yake.