Cenjelani ndi Zoonjezela za Markdown

Olemba nkhani za pa intaneti ndi Markdown afunika kudziwa kuti kalembedwe aka sikagwila nchito mofanana paliponse.

Markdown anaiyambitsa a John Gruber m'caka ca 2004 kuti zolemba wamba zizisandulika HTML mosavuta. Koma inalibe zizindikilo zakezake zopangila matebulo kapena mau a m'munsi. A Michel Fortin anaonjezela zimenezi mu Markdown Extra, ndipo GitHub nayo inaonjezela zake, monga mzele wofafaniza mau.

Zoonjezela izi mapulogalamu ena alibe, pomwe ena amafuna kuti muziyatse coyamba. Mukapanda kutelo, tebulo la mitengo ya katundu limatuluka losokonezeka, manambala atasakanikilana ndi timizele toimilila. Motelo yambani mwayesa tsamba lanu musanalitulutse.