Sassicaia: vinyo wa m'munda wa miyala amene akuba amamukopera

Mu Okutobala 2020, apolisi oona za chuma ku Italy, a Guardia di Finanza, adamanga anthu awiri ndi kulanda mabotolo oposa 4,000 a vinyo wachinyengo. Vinyoyo adachokera ku Sicily, mabotolo ku Turkey, pomwe mapepala omata ndi mabokosi adapangidwa ku Bulgaria. Dzina lomwe lidamatidwa pamabotolowo lidali Sassicaia. Wakuba sataya nthawi kukopera katundu wosayenda malonda, choncho sabata ino tione chomwe chidakweza dzinali mpaka botolo limodzi kumagulidwa pamtengo woposa ma euro 200.

Sassicaia ndi vinyo wofiira wochokera ku esiteti ya Tenuta San Guido, yomwe ili ku Bolgheri m'chigawo cha Tuscany, kufupi ndi nyanja. Dzinali lidachokera ku mawu a Chitaliyana akuti sasso, kutanthauza mwala, chifukwa nthaka yake ndi yamiyala. Amene adayambitsa ndi Mario Incisa della Rocchetta, yemwe ankakonda vinyo wa ku Bordeaux ku France. Iye adaona kuti nthaka ya ku Bolgheri ikufanana ndi ya ku Graves, dera lina la Bordeaux, ndipo mu 1944 adabzala mphesa za mtundu wa Cabernet m'malo mwa Sangiovese yomwe alimi a ku Tuscany adazolowera.

Poyamba anthu a m'deralo sadamukonde vinyoyu. Iwo adazolowera vinyo wopepuka womwera chaka chomwecho, pomwe uyu akangofululidwa amakhala wowawa komanso wolimba pakamwa. Kuyambira 1948 mpaka 1967 vinyoyu ankangomwedwa pakhomo. Koma mwini wake ankasungako mabotolo chaka ndi chaka, ndipo adazindikira kuti akamakhalitsa ndi pomwe akukoma. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Vinyo woyamba kupita kumsika adali wa mphesa za mu 1968. Banja la Antinori, lomwe ndi achibale awo komanso akadaulo pa malonda a vinyo, lidathandiza kumugulitsa, ndipo katswiri wawo Giacomo Tachis adakonza kafululidwe kake. Komabe malamulo a nthawiyo sankazindikira vinyo wa Cabernet wa m'deralo, motero Sassicaia ankagulitsidwa ngati vino da tavola, gulu lotsikitsitsa la vinyo ku Italy.

Zinthu zidatembenuka mu 1978 pomwe magazini ya Decanter idakonza mpikisano wolawa vinyo ku London, olawawo osadziwa dzina la chomwe akumwa. Sassicaia wa 1972 adaposa ma Cabernet ena ochokera m'maiko osiyanasiyana. Kenako Robert Parker, wolawa vinyo wotchuka wa ku America, adapatsa Sassicaia wa 1985 mapointi 100 pa 100, ndipo lero botolo la chaka chimenecho limagulidwa pa ma euro masauzande. Mu 2018 magazini ya Wine Spectator idasankha Sassicaia wa 2015 kukhala vinyo wopambana wa chakacho. Boma nalo lidatsatira msika: mu 1994 vinyoyu adalowa m'gulu lotetezedwa ndi lamulo la DOC pansi pa Bolgheri, ndipo mu 2013 Bolgheri Sassicaia idakhala DOC yoima payokha, yokhayo ku Italy ya esiteti imodzi.

Nanga mtengowu ukuchokera pati? Choyamba ndi nthawi. Vinyoyu, yemwe pafupifupi magawo 85 pa 100 ndi Cabernet Sauvignon ndipo otsalawo ndi Cabernet Franc, amakhala zaka pafupifupi ziwiri m'migolo ya matabwa a oak a ku France asadathiridwe m'mabotolo. Nthawi yonseyi mpamba umakhala utagona. Chachiwiri, malire a munda ndi oikika ndi lamulo, ndiye ogula akachuluka mabotolo sangachuluke nawo. Chachitatu, esitetiyi idakana kusungunula dzina lake. Pofuna kufikira ogula a m'thumba mochepa, idatulutsa vinyo wina ndi maina ena: Guidalberto kuyambira 2000, kenako Le Difese. Wogula Sassicaia amadziwa kuti sadamusakanizire.

Kwa inu a mahotela, malo odyera ndi mabotolo sitolo amene mumaoda vinyo wakunja, nkhani ya mu 2020 ija ikhale chenjezo. Vinyo wabodzayo ankatsatsidwa pamtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi weniweni, ndipo nyambo yake idali yomweyo. Wina akakubweretserani vinyo wa dzina lalikulu pamtengo wozizira, funsani mapepala osonyeza komwe adaoda ndi momwe katunduyo adalowera m'dziko. Yang'anani chaka cholembedwa pabotolo, chifukwa mtengo umasiyana chaka ndi chaka malinga ndi momwe nyengo idayendera. Ndipo mukagula weniweni, musungeni chogoneka, pamalo ozizira ndi opanda dzuwa. Kutentha kwa mu Okutobala kungathe kuononga botolo lodula lili pashelefu, inu n'kudzamva madandaulo kwa kasitomala ndalama zitapita kale.

Koma phunziro lalikulu ndi la aliyense wogulitsa katundu wodziwika ndi dera lake. Taganizani za mpunga wa Kilombero wa ku Karonga. Anthu amalolera kuwonjezera ndalama chifukwa cha fungo ndi dzina lake, koma wogulitsa akausakaniza ndi mpunga wina kuti thumba lidzaze msanga, amapha phindu la tsiku limodzi n'kuonongera alimi onse dzina. A ku Tenuta San Guido adadikira zaka zoposa 20 asadagulitse botolo loyamba, ndipo atapeza msika adasiyanitsa katundu wapamwamba ndi wapakati, aliyense ndi dzina lake ndi mtengo wake. Inunso ngati muli ndi magiredi awiri, gulitsani ngati magiredi awiri. Kasitomala wopusitsidwa kamodzi sabwereranso, ndipo amauzako anzake.