Bwinja la Kalonga ku Mankhamba

Mlimi wa kwa Zingalume, m'boma la Chadiza ku Zambia, sachita kuuzidwa pamene panali mudzi. Amangoona mitengo ya mango itaima yokha m'tchire, mphero yosweka, mapale amene khasu likufukula, ndi kachigawo ka munda kamene chimanga chimachita bwino kuposa ponse chifukwa kale panali dzala. Akatero amati pano n'pabwinja. Mizinda ya mafumu akale imene alendo amalipira ndalama zambiri kuti akaione ndi mabwinjanso, kungoti ena anamangidwa ndi njerwa, ena ndi mitengo, dothi ndi udzu.

Ku Sri Lanka kuli Anuradhapura, likulu la mafumu achibuda kwa zaka zoposa 1,000. Asilikali a ufumu wa Chola ochokera kumwera kwa India anauthira nkhondo cha m'ma 993, anthu anabalalika, nkhalango n'kuumeza. Koma njerwa siola msanga. Lero mlendo amakapeza akachisi ozungulira aatali zedi, madamu okumbidwa ndi manja amene akusungabe madzi, ndi mtengo wopatulika wa mtundu wa mkuyu umene unadzalidwa zaka zoposa 2,000 zapitazo, anthu n'kumapembedzabe patsinde pake. Bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wake mu 1982.

Ife Achewa likulu lathu lakale lili ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza ku Malawi, kumene kunkakhala Kalonga, mfumu ya Amaravi. Ukapitako ukuyembekeza zipupa, ubwerako utakhumudwa. Ndi minda, midzi ndi mitengo basi. Nyumba za nthawiyo chiswe ndi mvula zinamaliza kalekale. Apa ena amafulumira kunena kuti makolo athu analibe mzinda. Amenewo sanalimepo pabwinja.

Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anachita zimene mlimi amachita, koma mosamala ndi modekha: anakumba pamene anthu ankataya zinyalala. Dzala silinama. Nyumba ya mfumu imatha kukometsedwa kuti alendo agome, koma zotayidwa kuseri zimaulula zimene anthu ankadya, kuvala ndi kugula. Anapeza mapale ambirimbiri, mafupa a nyama, zida zachitsulo, zinthu zamkuwa, makoza a minyanga ya njovu, mikanda yagalasi yochokera kutsidya la nyanja ya mchere, ndiponso zidutswa za mbale zadothi zonyezimira za ku China za m'zaka za m'ma 1500. Taganizani ulendo wa mbale imeneyo: pachombo kudutsa nyanja ya India, kenako pamutu pa onyamula katundu mpaka kufika m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Amalonda sakanavutika chotero kupita kumudzi wamba. Ankatsata minyanga ndi chitsulo, ndipo ankadziwa kuti mwini wake wa malondawo ali kuti. Juwayeyi analemba zonsezi m'buku limene linatuluka mu 2020.

Kusiyana kwake n'kwakuti ku Anuradhapura maso amakhuta okha, pamene ku Mankhamba pamafunika wokufotokozera. N'chifukwa chake wopitako ayambe waonekera kwa nyakwawa, apemphe munthu wamkulu womuperekeza, ndipo phale akaliona alisiye pomwepo. Ndimadana nacho chizolowezi chotola zinthu n'kuika m'thumba. Phale likachoka pamalo pake limasanduka chidutswa cha mphika wamba, palibenso angadziwe zaka zake.

A ku Chadiza nkhaniyi si yachilendo kwa iwo. Mbiri imati Undi, m'bale wake wa Kalonga, anachoka ku Mankhamba n'kukakhazikitsa likulu lake ku Mano, m'dera limene lero ndi chigawo cha Tete ku Mozambique, dziko limene boma la Chadiza lachita nalo malire. Mpando umenewo tsopano uli ku Mkaika m'boma la Katete, kumene mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi chakumapeto kwa Ogasiti chaka ndi chaka.