Ulendo wa ku Kilimanjaro, Gawo 7: Kachitini ka Agogo

Pezani pokhala, chifukwa za lerozi si zomva muli chiimire.

Tinasiyana pa mphekesera ija yoti msungichuma wa gulu lathu wadya ndalama za ulendowu zomwe tinapeza pogulitsa mandasi. Ena mwa inu munamuweruza kale. Ndinakumvani!

Loweruka tinamuitanitsa pabwalo la tchalitchi. Anatulukira atasenza chithumba, nkhope ili gwa.

"Achemwali, ndalama zili kuti?" anafunsa mtsogoleri wathu.

"Zili umu."

Anakhuthula pamkeka. Majekete a pakaunjika, magolovesi, zipewa zaubweya, ndipo pansi penipeni nsapato zokwerera mapiri, zija zogwira mpaka m'kakolo. Nsapatozo anazikankhira kwa mnyamata wathu wofatsa uja, amene anakwera Sapitwa chala chachikulu chili panja.

Bwalo lonse linangoti zii.

"Ku Mulanje, titafika pa Chisepo, ndinaona magazi pamwala pomwe anaponda," anatero msungichumayo. "Sapitwa ndi mamita 3,002, koma munaona mmene tinanjenjemera. Kilimanjaro ndi mamita 5,895, pamwamba pake madzi ndi oundana. Mumafuna tikamusiye m'njira?"

Mtsogoleri anapepesa pamaso pa onse, komabe anati ndalama za gulu munthu sagulira zinthu payekha. Msungichuma anavomera, n'kutulutsa kope lomwe analembamo chilichonse mpaka tambala yomaliza. Mnyamata uja? Anavala nsapato pomwepo, ndipo mpaka lero akuti amapita nazo ngakhale kumjigo, kuti zizolowere phazi.

Mwamva, inu oweruza msanga?

Kenaka tinayala mapu. Basi idzadutsa ku Karonga, tidzawoloka malire pa Songwe, n'kulowera ku Mbeya mpaka tikafike ku Moshi. Phiri lidzayamba ladikira. Poyamba tikagwira ntchito yodzipereka pasukulu ina ya pulayimale kunja kwa tauniyo, kupenta makalasi ndi kudzala mitengo limodzi ndi ana. Tikadzamaliza m'pamene tidzatenge njira ya Marangu, kugona m'tinyumba ta Mandara, Horombo ndi Kibo. Ku Kibo anthu amanyamuka pakati pa usiku, tochi ili pachipumi, kulunjika ku Uhuru Peak.

Namwino amene tinamuitana sanatinyengerere.

"Ana inu, phiri limenelo siliopa minofu. Mukamakwera mpweya umachepa, mutu umawawa, nseru imabwera. Muzimwa madzi ambiri, muziyenda pang'onopang'ono, ndipo zikakula, mankhwala ake n'kutsika basi. Kumeneko lamulo silola kukwera popanda operekeza. Muziwamvera. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Katswiri wathu wothamanga uja, amene amalonjeza kukatidikira pamwamba, anangoyang'ana pansi.

"Mawa aliyense abweretse pasipoti," mtsogoleri anatseka msonkhano.

Apa tsopano ndi pomwe panagona nkhani.

Nditafika kunyumba ndinakoka sutukesi pansi pa bedi. Satifiketi ya sukulu inalimo. Kadi ya katemera inalimo.

Pasipoti munalibe.

Ndinagwedeza zovala zonse, ndinatembenuza matiresi, ndinafunsa amayi ndi mlongo wanga. Onse anapukusa mitu. Pakhonde agogo anali phee, akusenda mtedza.

"Agogo, mwaionako pasipoti yanga?"

"Ndaiona."

"Ili kuti?"

"Pamalo pabwino."

Agogo omwe aja! Amene anapereka tambala wawo kuti tigulitse, amene amauza mudzi wonse kuti mdzukulu wawo akukakwera phiri lalitali kuposa onse mu Africa!

Anasasa makoko pachitenje, nalowa kuchipinda. Anatuluka ndi kachitini kadzimbiri komwe chibadwire sindinakaonepo. Manja akunjenjemera, anatulutsamo chithunzi chakale chopindika m'makona. Panali bambo wamtali, jekete lili paphewa, kumbuyo kwake phiri lansonga yoyera. Kuseri kwa chithunzicho kunali adiresi, ndipo mawu amodzi okha ndi amene ankawerengeka bwino: Moshi.

"Agogo ako aamuna sanafere ku Joni monga tinkakuuzirani."

"Nanga anafera kuti, agogo?"

"Ndani wakuuza kuti anafa? Tseka chitseko, mdzukulu wanga."

Ndinatseka.

Zomwe ndinamva m'chipindamo, ngakhale amayi sakuzidziwa. Basi inyamuka Lachisanu, ndipo pasipoti idakali m'manja mwa agogo. Musandiimike panjira kuti ndikunong'onezeni, sindiulula. Tikumane pompano sabata yamawa!